Kodi foni imamvetsera zimene timalankhula? Nanga amasankha ndani zimene timaona pa Facebook?

NaPhiri

Moni nonse. Ndili ndi mafunso awiri kwa inu odziwa za mafoni ndi makompyuta. Loyamba: anthu akumanena kuti ukangocheza ndi mnzako za chinthu, tinene za sola kapena nsapato za ana asukulu, tsiku lisanathe malonda a chinthu chomwecho amatulukira pa Facebook kapena pa YouTube, chonsecho sunafufuze kalikonse. Kodi n'zoona kuti foni imamvetsera? Lachiwiri: anthu awiri a m'nyumba imodzi, wina akatsegula Facebook amangoona ndale za mbali imodzi zokhazokha, mnzake mapemphero ndi mpira, ndipo akayamba kutsutsana aliyense amati "anthu onse akunena zimenezi". Amasankha ndani zimene munthu aone? Chonde ndiuzeni podina penipeni, chifukwa zakuti "muzisamala pa intaneti" tinamva kale.

Mbewe

Achemwali, ndiyankha loyambalo. Mu 2018 akatswiri a ku Northeastern University ku America anayesa ma app a Android opitirira 17,000, kuyang'ana chilichonse chimene ma app amenewo amatumiza kunja kwa foni. Sanapeze app yotumiza mawu ojambulidwa mobisa. Anapeza ena ochepa akujambula zochitika pa sikirini n'kutumiza ku makampani ena. Komanso kuyambira pa Android 12, app ikatsegula maikolofoni kapena kamera, kadontho kobiriwira kamayaka pakona ya sikirini, ndipo iPhone ili ndi kadontho kake kuyambira pa iOS 14. Kutumiza mawu tsiku lonse kukanamalizanso bandulo ndi batire moonekeratu.

Chimene chiyenera kutidetsa nkhawa n'chakuti makampaniwa safunika kumvetsera, chifukwa ali ndi njira zotchipa komanso zodalirika kuposa khutu.

Foni iliyonse ya Android ili ndi nambala yotsatsira malonda, advertising ID, ya zilembo ndi manambala 32. Ma app aulere ambiri amakhala ndi tizidutswa ta pulogalamu ta makampani otsatsa malonda, ndipo tizidutswa tonseti timawerenga nambala imodzimodziyo. Ndiye gemu ya mwana, app ya zanyengo, app ya mpira ndi app yowerengera masiku a kumwezi zitha kumatumiza zochita zanu pansi pa nambala imodzi. Dzina lanu palibe, koma nambala imene imagona malo amodzi usiku uliwonse n'kumapita malo amodzi m'mawa uliwonse sivuta kuidziwa mwini wake.

Pa masamba a pa intaneti pali Meta Pixel ya Meta, kampani imene ndi mwini Facebook, ndi zinzake za Google ndi TikTok. Mwini webusaiti amaika kachidutswa ka code kuti adziwe ngati malonda ake akuyenda. Inu mukatsegula tsambalo, browser yanu (app yotsegulira masamba, monga Chrome) imatumiza kwa Meta adiresi ya tsamba, nthawi, IP yanu (nambala yosonyeza netiweki imene mwalumikizidwa nayo) ndi cookie (kachizindikiro kamene webusaiti imasiya mu browser kuti idzakuzindikireni). Ngati munalowapo mu Facebook pa browser imeneyo, zonsezi zimakamatidwa ku akaunti yanu. Simunadine Like, simunalembe kanthu, mwangowerenga basi.

Palinso mindandanda ya makasitomala. Bizinesi imene munaipatsa nambala ya foni kapena imelo itha kukweza mndandanda wake wonse kwa Meta kapena Google. Nambala zimayamba zasandutsidwa zilembo zosawerengeka, koma Meta amachita chimodzimodzi ndi nambala zimene ali nazo kale, ndiye zofanana zimakumana. Kenako wotsatsa amapempha kuti malonda apitenso kwa anthu ofanana ndi amenewo. Apa ndi pamene nkhani ya sola ija imamveka. Mnzanu amene mumacheza nayeyo mwina ndi amene anafufuza mitengo ya sola dzulo lake. Muli naye pa Facebook, nambala yanu ili m'foni mwake, mafoni anu anali pa hotspot imodzi, ndipo makampani otsatsa amatenga IP yofanana ngati chizindikiro cha anthu a pakhomo limodzi. Onjezani pamenepo kuti munthu amadutsa malonda ambirimbiri patsiku osawaona n'komwe, koma amakumbukira amene agwirizana ndi zimene wangolankhula.

Ndipo malo a malonda amene mumaona mu app amagulitsidwa ngati ku okushoni ya fodya ku Kanengo, kungoti belo lake ndi inuyo ndipo malonda amatha m'gawo limodzi la magawo khumi a sekondi. App ikamatseguka, uthenga umapita kwa makampani ambiri nthawi imodzi wonena mtundu wa foni, dera limene muli, app kapena tsamba limene mwatsegula, ndi nambala ija. Wopereka mtengo wapamwamba ndi amene amaonetsa malonda ake. Olephera onse aja uthengawo aulandira kale, ndipo inu mulibe njira yotsatira kumene wapita.

Zimene sanauzidwe amazipeza mwa masamu. Mu 2013 ofufuza a ku Cambridge University anatenga ma Like a anthu 58,000 a ku America amene anadzipereka, ndipo pongoona ma Like okhawo anatha kusiyanitsa wa chipani cha Democrat ndi wa Republican molondola pa 85 peresenti, Mkhristu ndi Msilamu pa 82 peresenti.

NaNkhoma

A Mbewe afotokoza bwino za kusonkhanitsa. Ine nditenga funso lachiwiri, chifukwa mbiri yomweyo imene imasankha malonda ndi imene imasanja nkhani.

Mukatsegula Facebook pamakhala zinthu masauzande zimene akanatha kukuonetsani: za anzanu, za magulu, za masamba, ndi za anthu amene simuwatsatira n'komwe. Pa chilichonse kompyuta imayerekeza mwayi woti mudina Like, mulemba ndemanga, mugawira ena, kapena muima n'kuonera mpaka kumapeto. Mwayi uliwonse uli ndi kulemera kwake, amaphatikiza, ndipo chopeza mapointi ambiri chimakhala pamwamba. Zakuti nkhaniyo ndi yoona kapena kuti ikuthandizani sizimayezeka mosavuta. Zimene zimayezeka bwino ndi chala chanu ndi masekondi anu.

Kulemera kumeneku amakuika ndi anthu, ndipo kumasintha zimene dziko likuwerenga. Zikalata zimene Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa mu 2021 zinaonetsa kuti kuyambira 2017 Facebook inkawerengera emoji iliyonse, kuphatikizapo ya mkwiyo, ngati ma Like asanu. Ogwira ntchito awo omwe anadzapeza kuti nkhani zokolola emoji ya mkwiyo zinkakhala ndi mabodza ndi chipongwe kuposa zina, ndipo kulemera kwa emoji imeneyo anadzakutsitsa mpaka pa ziro mu 2020. Ku TikTok, nyuzipepala ya Wall Street Journal inapanga maakaunti abodza opitirira 100 mu 2021 n'kupeza kuti nthawi imene waima pa vidiyo, ndi kuibwereza, n'zokwanira kuti akudziwe, nthawi zambiri pasanathe maola awiri.

Pamenepa ndi pamene ambiri amadzikola okha. Munthu akaona nkhani yomukwiyitsa amaima, amawerenga ndemanga zonse, n'kulemba kuti "bodza ili". Kompyuta imalemba kuti nkhaniyo yamugwira munthu, mawa imubweretsera zitatu za mtundu womwewo, ndipo imaikankhiranso kwa anzake chifukwa ili ndi ndemanga zambiri.

Maganizo sasintha tsiku limodzi. Chinthu chimene wachimva kakhumi chimayamba kumveka choona, ngakhale chikuchokera kwa anthu atatu okha amene akuchibwereza. Choopsa kuposa apo ndi chimene mwanena chija, achemwali, chakuti "anthu onse akunena zimenezi". Munthu amayesa sikirini yake ndi dziko lonse, ndipo sangaone zimene zachotsedwa, chifukwa palibe chimene chimamuuza kuti apa panayenera kukhala nkhani ina.

Facebook inadziyesa yokha mphamvu. Pa chisankho cha ku America cha 2010 inaonetsa anthu pafupifupi 61 miliyoni uthenga wowakumbutsa kukavota, wokhala ndi zithunzi za anzawo amene avota kale, ndipo ofufuza anawerengera kuti uthenga umodzi umenewo unaonjezera mavoti pafupifupi 340,000. Mu January 2012, kwa sabata imodzi, inachepetsa nkhani zosangalatsa kapena zokhumudwitsa pa maakaunti 689,003 eni ake osadziwa, n'kuona kuti zolemba zawo zinatsatira mbali yomweyo. Za Cambridge Analytica, kampani yothandiza makampeni a ndale, zinaululika mu 2018: anthu pafupifupi 270,000 anaika app ya mafunso oyeza khalidwe, ndipo app imeneyo inakoka mbiri za anzawo onse, anthu ofika 87 miliyoni, ndipo mbirizo zinapita kwa kampaniyo. Boma la America linalipiritsa Facebook madola 5 biliyoni mu 2019. Akuluakulu a kampani ya Cambridge Analytica anajambulidwa mobisa akudzitama kuti anayendetsa kampeni ya Uhuru Kenyatta ku Kenya mu 2013 ndi 2017, ndiye izi si za azungu okha.

Gondwe

Mayi NaNkhoma, zonse mwanenazi n'zoona, koma tisaipatse kompyuta mphamvu zoposa zimene ili nazo, chifukwa tikatero tiyang'ana kolakwika. Pa kafukufuku wa 2012 uja kusintha kunali kochepa kwambiri pa munthu mmodzi, kunaoneka chifukwa anthu anali ochuluka. Ndipo mu 2023 magazini a sayansi a Science ndi Nature anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa nthawi ya chisankho cha ku America cha 2020. Anthu ena anawachotsera kusanja kwa kompyuta kwa miyezi itatu, n'kumawaonetsa nkhani motsatira nthawi imene zinalembedwa. Anachepetsa nthawi yokhala pa Facebook ndi Instagram, zimene ankaona zinasintha, koma maganizo awo pa ndale sanasunthe moonekera. Miyezi itatu ndi yochepa poyerekeza ndi zaka khumi za kuonera, inde, komabe zikutiuza kuti gawo lalikulu la mpanda timamanga tokha posankha anzathu ndi magulu.

Kwathu kuno umboni wake ndi WhatsApp. M'magulu a WhatsApp mulibe kompyuta yosanja mauthenga, koma mphekesera zimathamanga kuposa pa Facebook chifukwa zimabwera ndi dzina la amalume kapena la a mpingo. N'chifukwa chake WhatsApp inaika malire otumizira uthenga ku macheza asanu mu 2019, ndipo mu 2020 uthenga umene watumizidwa kambirimbiri anauikira malire a macheza amodzi. Onjezani mabandulo otchipa a WhatsApp ndi Facebook okha. Munthu amaona mutu wa nkhani ndi chithunzi, koma akadina kuti awerenge yonse, bandulo yake sifika kumeneko.

Zimene ndimaziopa ine ndi ziwiri. Malonda a ndale olunjika pa gulu limodzi amalola wandale kulonjeza alimi china, a m'tauni china chotsutsana nacho, popanda wowayerekeza. Meta Ad Library imathandizapo: lembani dzina la tsamba, muona malonda amene tsambalo likuyendetsa, ngakhale amene sanalunjike kwa inu. Chachiwiri ndi chilankhulo. Ku Myanmar, ofufuza a United Nations ananena mu 2018 kuti Facebook inathandiza kwambiri kufalitsa chidani pa Asilamu a mtundu wa Rohingya, ndipo kampaniyo inavomera chaka chomwecho kuti sinachite zokwanira. Owerenga Chibama, chilankhulo cha ku Myanmar, pakati pa oyang'anira zolembedwa anali ochepa kwambiri. Kompyuta itha kukankha nkhani ya m'chilankhulo chilichonse pongowerenga ndemanga ndi ma share, koma kuti izindikire kuti mawuwo ndi onyoza mtundu wa anthu pamafunika odziwa chilankhulocho.

NaPhiri

Zikomo kwambiri nonse, zamveka. Tsopano podina paja. Munthu wa Tecno kapena itel, wa bandulo yochepa, ayambire pati? Ndipo kodi Incognito ndi VPN zimene achinyamata amatamazi zimathandiza?

Chisale

Yambirani pa nambala imene a Mbewe anena ija, achemwali, chifukwa ndi ntchito ya mphindi imodzi. Pitani ku Settings, kenako Google, kenako Ads. Pa mafoni ena ili pansi pa Privacy. Mupeza Reset advertising ID ndi Delete advertising ID. Sankhani Delete. Reset imangokupatsani nambala yatsopano, ndipo app iliyonse imene munalowamo ndi imelo kapena nambala ya foni itha kulumikiza yatsopanoyo ndi yakale. Pa iPhone ndi Settings, Privacy & Security, Tracking, n'kuzimitsa Allow Apps to Request to Track. Kabatani kameneka si kamasewera: Apple itakabweretsa mu April 2021, Meta inauza eni masheya ake kuti itaya madola pafupifupi 10 biliyoni mu 2022.

Kenako Settings, Privacy, Permission manager. Onani Location, Contacts, SMS, Microphone ndi Camera, chimodzichimodzi. Pa Location pasakhale app ya Allow all the time popanda chifukwa chenicheni. Ikani Allow only while using the app, ndipo muzimitse Use precise location pa onse kupatula mapu ndi app yoitanira galimoto. Contacts ndi SMS ndi pamene anthu amapwetekera, makamaka ndi ma app a ngongole amene amakopera mndandanda wonse wa m'foni, ngongole ikachedwa n'kumaimbira abale ndi abwana a wobwereka. Google inaletsa ma app a ngongole a mu Play Store kupeza Contacts ndi zithunzi kuyambira pa 31 May 2023, koma lamuloli siligwira app imene mwalandira ngati fayilo ya APK pa WhatsApp kapena pa Xender. N'chimodzimodzi ndi GB WhatsApp ndi zinzake: si za kampani ya WhatsApp, mauthenga anu onse amadutsa m'pulogalamu ya munthu wosadziwika, ndipo akaunti itha kutsekedwa.

Pa Facebook lowani mu Settings, Accounts Center, Your information and permissions, Your activity off Meta technologies. Mupeza mndandanda wa mawebusaiti ndi ma app amene atumiza zochita zanu kwa Meta. Dinani Clear previous activity, kenako Manage future activity, n'kusankha Disconnect future activity. Dziwani zinthu ziwiri. Izi zimadula chingwe pakati pa mbiriyo ndi akaunti yanu, koma mawebusaiti aja amapitiriza kutumiza. Ndipo mutuluka m'ma app amene munalowamo ndi batani la Facebook, choncho yambani mwaonetsetsa kuti muli ndi njira ina yolowera. Pamalo omwewo pali Upload contacts, izimitseni.

Za Google zili pa myactivity.google.com. Web & App Activity ndi YouTube History mutha kuzizimitsa kapena kuika kuti zizifufutika zokha pakatha miyezi 3, 18 kapena 36. Sankhani 3. Mukazimitsiratu YouTube History n'kufufuta yakale, tsamba loyamba la YouTube limakhala lopanda kanthu. Si kuti yaonongeka, pitani ku Subscriptions.

Incognito imangoletsa foni yanu kusunga mbiri ya masamba ndi ma cookie mukatseka. Webusaiti, kampani ya netiweki ndi mwini Wi-Fi amaonabe kumene mwapita, ndipo mukalowa mu akaunti muli mu Incognito mwadziulula nokha. Google inazengedwa mlandu pa nkhani yomweyi ndipo mu 2024 inavomera kufufuta mabiliyoni a zolembedwa za anthu amene ankagwiritsa ntchito Incognito. VPN, app imene imadutsitsa intaneti yanu pa makompyuta a kampani ina, imabisa IP yanu kwa webusaiti ndiponso kubisa masamba kwa kampani ya netiweki, koma mwini VPN ndi amene amaona zonsezo tsopano, ndipo yaulere iyenera kupeza ndalama penapake. Siikhudza cookie, siikhudza akaunti.

Chothandiza kwenikweni ndi browser. Safari imatchinga ma cookie a makampani ena kuyambira 2020, Firefox imawatsekera lililonse pa tsamba lake kuyambira 2022, koma pa Chrome muyenera kuchita nokha: Settings, Privacy and security, Third-party cookies, n'kusankha Block. Firefox ya Android imalola kuikamo uBlock Origin, imene imaletsa tizidutswa totsatira anthu tisanatsike n'komwe, ndiye bandulo imakhalitsanso. Tsamba lina likakana kutseguka bwino, makamaka la banki kapena lolipirira, izimitseni pa tsamba limenelo lokha. Chotsala ndi fingerprinting: kukula kwa sikirini, chilankhulo, nthawi ya dera lanu, mtundu wa foni ndi zina zikaphatikizidwa zimakusiyanitsani ndi ena popanda cookie. Tsamba la Cover Your Tracks la bungwe la Electronic Frontier Foundation limayesa browser yanu mwaulere.

Za kusanja nkhani: pa Facebook, Menu kenako Feeds imaonetsa zatsopano motsatira nthawi, koma muyenera kulowamo ulendo uliwonse, app ikatsegukanso imabwerera ku Home. Mu Favourites mutha kuikamo anthu ndi masamba 30. Ikanimo dala nyuzipepala ziwiri kapena zitatu zosiyana maganizo. Pa TikTok ndi Settings and privacy, Content preferences, Refresh your For You feed, ndipo tsiku loyamba mukatero samalani pamene mukuima, chifukwa ikuphunziranso. Pa YouTube mabatani safanana mphamvu. Mozilla, eni Firefox, inayesa mu 2022 ndi anthu opitirira 20,000: Don't recommend channel inachepetsa mavidiyo osafunika ndi 43 peresenti, kufufuta vidiyo mu History ndi 29, Dislike ndi 12, Not interested ndi 11 yokha. Nkhani yokwiyitsa musaiyankhe, idutseni msanga kapena dinani Hide.

Mbewe

Ndionjezereko pang'ono pa za a Chisale. Foni ikakhala ya banja lonse, mbiri imasakanikirana, ndipo malonda kapena mavidiyo otuluka atha kuulula kwa mwana kapena kwa mwamuna zimene wina anafufuza, monga za matenda kapena za mimba. Zofufuza zotere chitirani pa browser ina imene simunalowemo mu akaunti iliyonse, ndipo apa ndi pamene Incognito ili ndi ntchito yake yeniyeni.

Malamulo aliponso. Malawi ili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo MACRA ndi imene ikuyang'anira. Zambia ili ndi lake la 2021, ku South Africa kuli lamulo la POPIA ndi ofesi ya Information Regulator, ndipo ku Britain kampani iyenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi mukaipempha kuti ikuonetseni zimene ikusunga za inu. Pempho lotere lembani pa imelo, mutchule zimene mukufuna, kaya kuona, kukonza kapena kufufuta, ndipo musunge tsiku limene mwatumiza, chifukwa popanda zimenezo dandaulo lanu kwa oyang'anira lidzasowa poimira.

Kwa agogo kapena mwana amene alibe akaunti ya Facebook koma nambala yake inakwezedwa ndi achibale kudzera mu Contacts, Meta ili ndi tsamba la facebook.com/contacts/removal. Mumalemba nambalayo, amatumiza code pa SMS kapena kuimba, ndiye foni ya mwini nambala ikhale pafupi. Mukatsimikiza, amaifufuta n'kuiika pa mndandanda woletsa kuti wina asadzaikwezenso.